Zakudya zoyambira ndi zapambali pa chikondwerero: zopatsa thanzi komanso zosatopetsa wophika

Funso lachokera kwa mayi wina amene akuyembekezera alendo 14 pa chakudya chamadzulo cha chikondwerero. Nyama ya tsikulo anasankha kale, koma akufuna kudziwa zimene angaike patebulo alendo akamafika ndiponso zimene zingaperekeze nyamayo, poti apongozi awo aamuna ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mchemwali wawo ali ndi matenda a shuga, pabwera ana aang'ono atatu, ndipo uvuni ndi umodzi wokha. Akuti chaka chatha anakonza mitundu 9 ya zakudya, anakhala pansi atatheratu mphamvu, ndipo zambiri zinathera kudzala.

Mayi, ndiyambire pa mitundu 9 ija, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Wolandira alendo amaopa manyazi, choncho amangowonjezera mbale ina pambali pa inzake, mpaka mawu a akuluakulu aja akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada amapherezera m'khitchini. Kwa anthu 14, zoyambira ziwiri ndi zapambali zitatu n'zokwanira bwino lomwe, ndipo pa zisanu zimenezi chimodzi chokha ndicho chizifuna uvuni pa tsikulo. Kuchepetsa mitundu kumathandizanso thanzi la odyawo. Munthu akadya chinthu chimodzi kwa kanthawi, kukoma kwake kumayamba kuzirala m'kamwa ndipo amaleka yekha, koma akangoona china cha kakomedwe kosiyana, chilakolako chimadzukanso ngakhale mimba itadzadza kale. Tebulo la mitundu yambirimbiri limadyetsa anthu mopitirira muyeso iwo eni osazindikira.

Pa za zoyambira, pali kafukufuku amene ndimakonda kufotokozera anthu. M'chaka cha 2004, Barbara Rolls ndi anzake a pa Pennsylvania State University ku America anafalitsa zimene anapeza atapatsa amayi 42 saladi wosiyanasiyana asanadye chakudya chamasana. Amayiwo akayamba ndi mbale yaikulu ya saladi wa masamba wothira zokometsera zopepuka, makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) a chakudya chonsecho ankatsika ndi 12 pa 100 alionse poyerekeza ndi tsiku limene sanadye saladi. Koma mbale yaikulu yomweyo ikadzazidwa tchizi ndi msuzi wamafuta, makalori ankakwera ndi 17 pa 100 alionse. Choncho dzina lakuti saladi palokha silitanthauza kuti chakudyacho n'chopepuka, ndipo chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi chimene mwathira pamwamba pa masambawo.

Choyambira choyamba chimene ndingakusankhireni ndi ndiwo zamasamba zaziwisi zodula motalika ngati chala, monga karoti, nkhaka ndi tsabola wamkulu wosawawa uja, pamodzi ndi chosunsira cha tchana, chimene kumayiko a ku Middle East amachitcha hummus. Viikani magalamu 250 a tchana wouma usiku wonse, ndipo mumuphike mpaka afewe moti mukamufinya ndi zala ziwiri aziphwanyika mosavuta. Mumugaye akadali wofunda pamodzi ndi madzi a mandimu awiri, tizigawo tiwiri ta adyo, masupuni aakulu atatu a chitowe chokazinga n'kupera, ndi masupuni awiri a mafuta. Ambiri akaona kuti phalalo lalimba amathamangira kuwonjezera mafuta, pamene chofunika ndi madzi ozizira, supuni imodzi imodzi, uku mukugayabe, mpaka lisalale n'kuyamba kuyera. Chimenechi chimakoma kwambiri chikagona mufiriji usiku umodzi, ndiye kuti ntchito yake imatha dzulo lake la chikondwerero.

Ngati tchana simunamupeze, nyemba zoyera zimagwira ntchito yomweyo. Koma mukasankha nyemba zofiira zikuluzikulu zija, dziwani kuti zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amatha pokhapokha nyembazo zitabwadamuka pamoto waukulu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, ndipo nyemba zongofundira pamoto wozilala zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Za m'chitini zinaphikidwa kale ndipo zilibe vuto limeneli, kungoti madzi ake amakhala ndi mchere wambiri, choncho muzikhuthulire m'sefa n'kuzitsukuluza ndi madzi abwino.

Pamene maphikidwe ambiri amafuna mayonezi, ine ndimaika yogati wopanda shuga, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Magalamu 100 a mayonezi amakhala ndi makalori oyandikira 700, pamene magalamu 100 a yogati wamba ali ndi makalori pafupifupi 60. Mukafuna chosunsira chachiwiri, palani nkhaka imodzi, muiwaze kamchere kotsina ndi zala, muisiye mphindi 15, kenako muifinye m'kansalu koyera mpaka madzi aleke kudontha, n'kusakaniza ndi makapu awiri a yogati, adyo pang'ono ndi madzi a ndimu. Kufinyako musakudumphe, chifukwa mchere umakoka madzi a m'nkhaka, ndipo akapanda kutuluka m'kansalu adzatulukira m'mbale pamaso pa alendo.

Choyambira chachiwiri chikhale mazira owiritsa. Awiritseni mphindi 10, muwaponye m'madzi ozizira kuti asendeke bwino, muwadule pakati, ndipo yolk yachikasu ija muiponde ndi foloko pamodzi ndi yogati kapena peyala lakupsa, madzi a ndimu ndi tsabola wakuda, n'kuibwezera m'malo mwake. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni ndipo lilibe sitalichi, choncho mchemwali wanu akhoza kudya momasuka, ndipo limathyola njala yoopsa ija imene imachititsa munthu kupakula mopanda chifundo chakudya chachikulu chikafika. Mukagwiritsa ntchito peyala, liponde pa ola lomaliza, chifukwa likakhudzana ndi mpweya limada, ndipo ndimu amangochedwetsa kudako osati kukuletsa. Mazira 10 ndi okwanira anthu 14. Zoyambira zisachuluke, ndipo zifike patebulo mphindi 30 kapena 45 chakudya chachikulu chisanapakulidwe.

Poti pali ana aang'ono, ndinene msanga kuti mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu, mbuliwuli kapena zidutswa zolimba za karoti wamuwisi, chifukwa zimatsamwitsa, ndipo pa chikondwerero akuluakulu amakhala atatengeka ndi macheza. Mphesa ndi matimati ang'onoang'ono muziwadula motalika pawiri kapena panayi, ndipo karoti wa ana mumufutse pang'ono kuti afewe. Pamene mukuitana alendo, afunseni ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, chitowe, mazira kapena mkaka, popeza zonsezi zili m'zakudya zimene ndatchulazi.

Tsopano ndifike pa chakudya chapambali chimene ndimachidalira kuposa zonse, ndiwo zamasamba zowotcha mu uvuni. Anthu ambiri amene amati sakonda karoti, kolifulawa kapena mabiringanya anangozilawa zowiritsa m'madzi, ndipo sindiwaimba mlandu. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo malinga ngati chakudya chili m'madzi kapena mu nthunzi, kunja kwake sikungatenthe kuposa pamenepo. Koma kufiira kokoma kuja, kumene kumapatsa fungo buledi, khofi ndi nyama yowotcha, kumayamba mwamphamvu kutentha kukapitirira madigiri 140, pamene shuga wachilengedwe wa m'chakudya amagwirana ndi tizigawo ta mapuloteni. Katswiri wa sayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndi amene anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1912, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi dzina lake. Phindu lake kwa inu n'lakuti moto umatulutsa kukoma kumene anthu ena amakufunafuna mu batala, khirimu ndi mchere.

Kuti zitheke, tenthetsani uvuni kufika madigiri 200 kapena 220 musanaikemo kanthu. Dulani zonse mofanana kukula, pafupifupi masentimita 3, mukatsuka muziumitse ndi kansalu, ndipo muziike m'beseni n'kuthira masupuni aakulu awiri a mafuta pa kilogalamu iliyonse, kenako musakanize ndi manja mpaka chidutswa chilichonse chinyezimire. Mafutawo muziyeza ndi supuni, musamangopendeketsa botolo, chifukwa supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo dzanja lopendeketsa botolo limathira masupuni asanu mwini wake akuganiza kuti wathira awiri. Komabe musawachotseretu mafuta poganiza kuti ndiye thanzi. Mtundu wachikasu wa karoti ndi maungu umachokera ku beta-carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A, ndipo matumbo amamuyamwa bwino pakakhala mafuta pang'ono.

Cholakwa chachikulu ndi kuthithikiza thireyi. Ine ndemwe ndinachitapo zimenezi ndikuphikira khamu la abale, pamene ndinaunjika makilogalamu atatu pa thireyi imodzi pofuna kupulumutsa nthawi. Nditatsegula uvuni patatha mphindi 40, nthunzi inandimenya kumaso, ndipo ndinapeza makaroti otuwa, ofota, akusambira m'madzi awo omwe. Ndiwo zamasamba zili ndi madzi ambiri, ndipo zikathithikana nthunzi imasowa pothawira, choncho zimangofutsika. Yalani chidutswa chilichonse pachokha, pakati pazioneka thireyi. Mphindi 20 zoyambirira musazigwedeze. Mukatsegula muzimva kulira kwa mafuta kuti tsi-i, ndipo mukatembenuza chidutswa chimodzi mupeze mbali yapansi itafiira ngati uchi, m'mphepete mwake mutayamba kukhwinyata. Mukatero zitembenuzeni zonse n'kuzisiya mphindi zina 10 kapena 15. Kwa anthu 14 mufunika makilogalamu awiri a zaziwisi, chifukwa zimanyala pamoto, ndipo zimenezi zimafuna mathireyi awiri kapena atatu.

Nkhani ya uvuni umodzi isakudetseni nkhawa. Wotchani ndiwozo masana, nyama isanalowe, muzichotse zitatsala pang'ono kupsa, ndipo zikazizira muziike mufiriji. Nyama yaikulu ikatuluka mu uvuni imafunika kukhala mphindi 20 kapena 30 isanadulidwe kuti msuzi wake ukhazikike m'kati, ndipo nthawi imeneyo ndi yanu yokwezera moto n'kubwezeramo ndiwo zija kwa mphindi 10, ngakhale zitaunjikana pa thireyi imodzi, poti kufiira kunachitika kale. Zikatuluka, finyiranipo ndimu.

Pa thireyi imeneyi mukumbukire mchemwali wanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba pa tsiku, koma pa chiwerengero chimenechi silimawerengera mbatata, mbatatesi ndi chinangwa, chifukwa zimenezi ndi zakudya za sitalichi zimene zimakweza shuga m'magazi monga mmene mpunga ndi buledi zimachitira. Sindikuti muzithamangitse patebulo, koma zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a thireyiyo, ndipo zotsalazo zikhale kolifulawa, anyezi wodula panayi, mabiringanya, bowa, tsabola wosawawa ndi karoti. Maphikidwe ambiri a pa chikondwerero amati mupake uchi kapena shuga pa karoti ndi mbatata, koma zimenezi n'zosafunikira, popeza moto umatulutsa kutsekemera kwake kokwanira. Mbatatesi muziichotsa ikafika pa mtundu wagolide, isanade, chifukwa zakudya za sitalichi zikapserera zimapanga poizoni wotchedwa acrylamide, amene akatswiri a ku Sweden anamupeza m'zakudya m'chaka cha 2002 ndipo amalangiza kuti tizimuchepetsa.

Chapambali chachiwiri chikhale chobiriwira, ndipo zitheba n'zimene sizikhumudwitsa. Dzulo lake, wiritsani madzi ambiri mu poto wamkulu, muponyemo zithebazo kwa mphindi 3 kapena 4 osavundikira, ndipo mtundu wake ukangowala kwambiri muzivuule n'kuzimiza m'madzi ozizira kuti kupsa kulekere pomwepo. Ziumitseni n'kuzisunga mufiriji. Pa tsikulo zimangofuna mphindi ziwiri mu chiwaya chotentha, ndi supuni ya mafuta ndi adyo wodula, kenako chitowe chokazinga pamwamba. Ndimu muthire mbale ikunyamuka kupita patebulo, chifukwa zowawasa zikakhalitsa pa masamba obiriwira zimawasandutsa otuwa. Ena amathira soda kuti mtundu usasinthe, koma soda amafewetsa masamba mpaka kuterera ndipo amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Kuphika kwa nthawi yochepa kumasunga mtundu ndi mavitamini omwe, popeza vitamini C amasungunukira m'madzi ndiponso amawonongeka ndi moto wokhalitsa.

Chachitatu chikhale chozizira. Saladi wa kabichi wodula mopyapyala, karoti wopala ndi apozi mmodzi wowawasira ndi amene ndingasankhe, chifukwa kabichi safota msanga ndipo amalola kuthiridwa zokometsera maola angapo alendo asanafike, pamene masamba anthete ngati letesi amafota m'mphindi zochepa akakhudzana ndi viniga. Zothira zake ndi masupuni anayi a mafuta, awiri a viniga kapena madzi a mandimu ndi tsabola wakuda, zimene mungazikhutchumule m'kabotolo. Anyezi wamuwisi mukamuviika mu viniga mphindi 15 ukali wake umatha, ndipo vinigayo ndi amene mungathire mu saladi.

Za apongozi anu ndiyankhule mwachindunji. World Health Organization imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, zimene ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi, ndipo pa chikondwerero mchere wambiri suchokera m'dzanja la wophika koma m'zogula kale, monga timibulu tokometsera msuzi, soseji, nyama yankhumba yokonzedwa ndi mchere, tchizi, misuzi ya m'mabotolo ndi tchipisi ta m'mapaketi. N'chifukwa chake pa zonse zimene ndatchulazi mulibe chimodzi mwa zimenezi. Chakudya chikamveka chozizira m'kamwa, nthawi zambiri chimene chasowa ndi kuwawasa osati mchere, choncho yambani mwafinyira ndimu, mulawenso, ndipo mudzadabwa kuti dzanja silipitanso ku mchere. Adyo, jinja, tsabola ndi zonunkhiritsa zimene mwazikazinga pang'ono mu chiwaya chouma zimachitanso chimodzimodzi. Koma musagule mchere wapadera uja wa potaziyamu, wolowa m'malo mwa mchere wamba, musanawafunse, chifukwa kwa munthu amene ali ndi vuto la impso kapena amene amamwa mitundu ina ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi, potaziyamu wochuluka ndi woopsa pa mtima. Manyumwa nawonso amasokoneza mankhwala ena a mtima, ndiye musawaike mu saladi.

Chinthu china chimene ndikupempheni n'chakuti musawakonzere apongozi anu kapena mchemwali wanu mbale yapadera ya odwala. Ndaona anthu akuluakulu akutsika nkhope patebulo chifukwa chopatsidwa kambale ka masamba owiritsa pamene anzawo akudya zonona, ndipo ena amafika pokana kudzabweranso. Zakudya zisanu zimenezi aliyense akhoza kupakula popanda kufunsidwa za matenda ake, ndipo wofuna mchere wowonjezera adzathira yekha m'mbale mwake.

Chakudya chopatsa thanzi chiyeneranso kukhala chosadwalitsa, ndipo zakudya zapambali ndi zoyambira ndi zimene zimakhalitsa patebulo anthu akucheza. Mabakiteriya amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, choncho chakudya chophika, mazira aja, ndi chilichonse cha yogati zisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi ndi lokwanira. Njira yabwino ndi kupakula theka la chosunsira m'mbale yaing'ono, lina n'kulisiya mufiriji, ndipo yoyambayo ikatha mubweretse mbale ina yoyera m'malo mothira chatsopano pamwamba pa chakale. Thabwa ndi mpeni zimene mwadulira nyama yaiwisi zisakhudze karoti, nkhaka kapena kabichi, chifukwa zimenezi sizidutsa pamoto, ndipo chosavuta ndi kudula zamasamba zonse poyamba nyama isanatuluke mufiriji. Adyo wodula woviika m'mafuta musamusunge pashelefu poganiza kuti mwakonzeratu zokometsera, chifukwa m'mafuta mulibe mpweya ndipo m'malo otere mumakula bakiteriya woopsa wotchedwa Clostridium botulinum. Mukawonjezera mpunga pa zapambali, muusamale koposa, popeza mbewu za bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus sizifa pophika, ndipo mpunga ukagona pofunda zimatulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa.

Mukatsata dongosolo limeneli, dzulo lake mudzagaya tchana, kuwiritsa mazira, kufutsa zitheba, kudula kabichi ndi kukhutchumula zothira mu saladi, ndipo karoti ndi tsabola zosunsira mudzazisunga zodula kale m'chotengera chotseka, pamwamba mutayala kansalu konyowa kuti zisafote. Pa tsikulo padzatsala kuwotcha ndiwo masana, kudzaza mazira, ndi mphindi zochepa za pa chiwaya. Zotsala muziike m'zotengera zosazama kuti zizizire msanga, zilowe mufiriji alendo asanayambe kutsanzika, ndipo zidyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, zophikazo mutazitenthetsa kamodzi kokha mpaka zituluke nthunzi m'kati momwe. Chosunsira chimene anthu asunsamo kale chitayidwe usiku womwewo, koma ndiwo zowotcha zotsala mukhoza kuziwiritsa mawa lake ndi makapu atatu a madzi n'kuzigaya, ndipo mudzapeza supu wokwanira banja lonse.